Manambala Anayi

3 Marichi

Amake ana,

Landirani moni wanga. Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lakumanzere limene silikugwirizana ndi masitepe a nyumba ino. Ndamva za chotupa chimene madokotala achipeza m'mimba mwanu, ndiponso kuti achipatala akufuna ndalama patsogolo asanakuchiteni opaleshoni pa 20 Meyi. Sindinayankhe pafoni chifukwa khalidwe langa mukulidziwa: mawu a pafoni amauluka, olembedwa amakhala pamene unawasiya.

Mu envelopu muno muli khadi la ngongole la kubanki. Ndi lachiwiri pa dzina langa. Loyamba lili m'thumba lamkati la jekete langa. Chimene mungalipire kumeneko, banki idzapereka, ine n'kumabweza pang'onopang'ono ndi penshoni. Choncho musaliyese kapulasitiki wamba. Ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi zimene ndinasunga makiyi a chipinda cha nsalu kuhotela, osasowetsa ngakhale kathaulo kopukutira m'manja.

Malamulo ake ndi awa. Lisagone m'chikwama cha m'manja. Lisokeredwe kathumba kake mkati mwa chovala. Manambala atatu ali kuseri kwakewo muwamate ndi kapepala. Polipira lisachoke pamaso panu: wogulitsa akanena kuti makina ali kuseri, mudzuke mupite naye kuseriko, ngakhale m'mimba mukupweteka. Pa makina otulutsa ndalama, yambani mwagwedeza kaye polowetsera khadipo. Pakagwedera, dziwani kuti akuba amatapo zawo, chokanipo. Podina manambala, dzanja lina liphimbe linzake. Munthu wachifundo amene angabwere kudzakuthandizani pamakina, wakuba wake ndi yemweyo. Malisiti onse mundisungire motsatana ndi masiku.

Nambala yachinsinsi sindiilemba muno, pakuti wolemba nambala papepala ndi chitsiru. Simudzavutika kuikumbuka. Ndi tsiku ndi mwezi umene Mlendo wanu anabadwa, ndipo ndinaisankha dala pa makhadi onse awiri, kuti chala chanu chizikumbukira zimene pakamwa panu panaiwala. Chaka chija ndinachoka pakhomopo tchuthi changa chitatha. Miyezi isanu ndi inayi ndi masiku 270. Mwanayo anafika patapita masiku 285. Masiku khumi ndi asanu otsalawo ndakhala ndikukufunsani kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo yankho lanu ndi lomwe lija la anamwino, lakuti ana ena amachedwa. Wokonza mawailesi wa kuseri kwa nyumba uja sankachedwa.

Amati mlendo ndi mame. Wanuyo dzuwa linalephera kumuumitsa. Ndinalumbira kuti sindidzagona pansi pa denga limodzi ndi iye mpaka mutandiuza zoona, ndipo ngakhale ntchito inatha, lumbiro silinapume.

Ndikudziwa kuti maso anu anafooka, ndipo amene akukuwerengerani kalatayi ndi iyeyo. Awerenge momveka, asameze mawu.

Mupereke moni kwa mwana wanga Mphunzitsi, ngati amabwera kudzakuonani.

Ine,
bambo wa mwana mmodzi.

30 Marichi

Amake ana,

Moni. Ndikhulupirira kuti mwadzuka. Bondo langa likadali chimodzimodzi, ndipo mafuta opaka akwera mtengo kawiri mwezi uno wokha.

Kalata yanu ndalandira. Mwandithokoza chifukwa cha mawu olimbikitsa. Ndawerenganso kope limene ndimasunga la kalata iliyonse, ndipo mawu oterowo sindinawapezemo. Pa malisiti, ndaona mankhwala opha ululu kawiri pa sabata imodzi, ndiponso takisi yopita kuchipatala. Mabasi anatha kodi?

Tsopano mumve mmene anthu odziwa ntchito amachitira ndi munthu wodziwa kusamala. Lachiwiri masana, ndikusita malaya, foni inalira. Anali mnyamata wa kubanki, wa ku nthambi yoona za chitetezo, waulemu wosowa masiku ano.

"Bambo, pepani ndakusokonezani. Akuba ayamba kukopera makhadi akale. Banki ikusinthira makhadi makasitomala ake odalirika okhaokha, ndipo dzina lanu lili pamwamba. Tituma munthu adzatenge lakalelo, latsopano lifika pasanathe sabata ziwiri."

Ndinamuyesa. Ndinati, "Ndiye mukufuna nambala yachinsinsi?"

"Ayi ndithu, bambo! Imeneyo musauze munthu, ngakhale ineyo, ngakhale abusa. Ndingokhulupirira kuti si tsiku lobadwa la mwana wanu, chifukwa akuba amayambira pamenepo."

Ndinamuuza kuti ndi tsiku lobadwa, inde, koma osati la mwana wanga.

Anatsitsa mawu. Kenako anati, "Aa, bambo anga, zinatani?"

Amake ana, m'zaka zonsezi palibe amene anandifunsapo funso limenelo. Abale anu ankati ndikhululuke. Abale anga ankati ndisiye kuwerenga masiku ngati wandende. Mnyamata uyu anamvetsera kwa mphindi makumi asanu osandidula. Anatenga kalendala yake, nandipempha masiku enieni kuti awerenge yekha asangondikhulupirira. Atamaliza anati, "Bambo, masamu sanama. Inu mwapirira." Malaya ndinawapsereza pakolala, koma sindinadandaule.

Madzulo ake kunabwera wanjinga yamoto. Khadi langa ndinaliika mu envelopu, ndinamata, ndinasaina pomatapo, ndipo iyenso ndinamusainitsa m'buku langa, ndi ola lomwe. Lanulo anati likhale kaye, adzalisintha pambuyo.

Wophika, mkulu uja tinkagwira naye ntchito kuhotela, amene chitseko chake chinayang'anana ndi changa, anasuzumira ali ndi supuni m'manja.

"Inu a Makiyi, banki inayamba liti kuyendera anthu m'makomo ngati alaliki?"

Ndinamuuza kuti banki imayendera amene ali ndi kanthu. Iye adikire ogulitsa mabokosi a maliro. Anaseka mpaka kutsokomola. Munthu amene sanasungepo ndalama yoposa ya mchere sangamvetse zinthu zimenezi.

Takisi ithe.

Ine,
bambo wa mwana mmodzi.

17 Epulo

Amake ana,

Moni ndikupereka chifukwa ndinaleredwa. Za moyo wanga musafunse.

Lolemba ndinalandira uthenga pafoni wakuti theka la ndalama zimene khadi limaloleza latha. Ndinapita kubanki ndi bondo lomweli, ndinaima pamzere ola lathunthu. Mtsikana wa pawindo anandiuza kuti ndalamazo zatulutsidwa pamakina, masiku asanu ndi limodzi otsatana, ndipo wotulutsayo sanaphonye nambala yachinsinsi ngakhale kamodzi.

Anayamba kufunsa, "Nanga khadi lanulo lili kuti, agogo?"

Ndinamuuza kuti sindine agogo ake, ndipo ngati sakudziwa zimene nthambi ya chitetezo ya banki yake yomwe ikuchita, akafunse akuluakulu ake. Ndinalamula kuti makhadi onse awiri atsekedwe pomwepo. Ndinalemba dandaulo la masamba atatu. Akuti afufuza.

Ine sindikufuna kufufuza kwawo. Khadi langa lili m'manja mwa banki. Latsala ndi limodzi, ndipo lili m'nyumba mwanumo. Nambala tikuidziwa anthu atatu: ine amene ndinaisankha, inu amene munaichititsa, ndi mwini tsikulo. Inu simutha kufika pamsewu popanda wokugwirani dzanja. Watsala ndani? Khoswe wa m'nyumba saboola khoma, amadziwa pamene pali chitseko. Mwana wobwera mozemba m'mimba adzazembanso ndi m'thumba. Magazi sanama. Atate ake ankabweza wailesi ya munthu itachotsedwa mabatire.

Iwe amene ukuwerenga, usatsitse mawu pamenepa. Kweza, amayi ako amve.

Theka limene latsala ndi lokwanira zimene achipatala akufuna patsogolo, ndawerengera. A banki akuti khadi lanu likhoza kutsekulidwa tsiku lomwelo ndikangosaina fomu imodzi. Cholembera ndili nacho. Ndidzasaina ndikalandira mapepala awiri. Loyamba, Mlendo alembe ndi dzanja lake kuti anaba, ndi kumene anapititsa ndalamazo. Lachiwiri, inuyo munene zoona za masiku khumi ndi asanu aja, iye alembe, inu mudindepo chala. Sindikufuna misozi, sindikufuna abusa, sindikufuna nthumwi. Mlandu suola.

Kufika pa 20 Meyi kwatsala masiku makumi atatu ndi atatu. Kalata imayenda masiku asanu ndi atatu. Nthawi ilipo, ngati chotupacho mukuchiona kuti n'chachikulu kuposa chinsinsi chanu.

Ine,
bambo wa mwana mmodzi.

4 Meyi

Amake ana,

Moni. Ine ndikupuma. Mwini nyumba wakweza lendi, ndipo akuti chipinda chino chingakomere ana asukulu awiri kuposa nkhalamba imodzi. Zimenezo ndithana nazo ndekha monga mwa masiku onse.

Mapepala awiri aja sanafike. M'malo mwake yafika kalata yanu yonena kuti ndisadzivutitse, mukudziwa kuti a banki ndiwo akuchedwetsa, ndipo mukundipempherera chifukwa cha kuyendayenda kumene ndikuchita pofuna kukuthandizani. Kodi matendawa afika ndi kumutu komwe? Kapena mwaphunzira chipongwe ku ukalamba?

Lachisanu Mlendo wanu anandiimbira foni, ngakhale akudziwa lamulo langa.

"Bambo," anatero.

Ndinamuuza kuti walakwitsa nambala.

"Chabwino, akulu. Amayi sakusunganso chakudya m'mimba. Adokotala akuti tikaphonya pa 20, mpata wina ndi wa mu Ogasiti, ndipo sakuona ngati angafike. Khadi lija silinapiteko kumakina otulutsa ndalama. Lili m'kathumba kamene munanena kaja. Ine ndilemba chilichonse chimene mukufuna, ndilemba kuti ndinaba, ndilemba kuti ndine mfiti. Koma amayi musawadinditse chala pa bodza."

Ndinamufunsa kuti ngati sanabe, akuvomera bwanji kulemba kuti anaba. Munthu woona sagulitsa dzina lake msanga chotero. Anati wagulitsa makina ake osokera onse awiri, ndi tebulo lodulirapo nsalu, koma ndalama sizinafike ngakhale pakati. Ndinamuuza kuti wakuba akaona kuti wagwidwa amayamba kugulitsa katundu kuti aoneke wosauka. Anati, "Mulungu akuoneni," nadula foni. Telala wopanda makina, koma lilime lake likusokabe.

Apite kwa Mphunzitsi. Kapena ayi, mwana wanga asavutitsidwe, ali ndi banja lake ndipo mayeso ayandikira.

Khadi langa latsopano silinafikebe. Nambala ya mnyamata wa chitetezo uja sikulowa. Ayenera kuti anamusamutsira ku nthambi ina, anthu abwino sakhalitsa pamalo amodzi. Wophika akandiona amayamba kulira ngati njinga yamoto ndi pakamwa. Ndasiya kumuyankha.

Kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Pepala limodzi silikwana. Ndinati awiri.

Ine,
bambo wa mwana mmodzi.

26 Meyi

Amake ana,

Moni. Muli bwanji? Ndikufunsa chifukwa papita sabata zitatu popanda kalata yanu, ndipo si khalidwe lanu.

Tsiku la 20 ladutsa. Mundidziwitse ngati achipatala anasunthako tsikulo, ndiponso ngati mukudya.

A banki anandiitana. Nkhani yake ndi yaitali, ndipo si ya m'kalata.

Pepala la Mlendo lija likhale kaye, asalembe. Lanulo ndilo ndikulifunabe. Siliyenera kukhala lalitali. Mzere umodzi ukwana. Mukangoti inde, ine sindidzafunsanso dzina, ndipo ndidzasaina tsiku lomwelo. Mundipatse kanthu kakang'ono kogwira, amake ana. Munthu sangaime zaka makumi atatu ndi chimodzi pamalo amodzi kenako n'kungochokapo chimanjamanja.

Malata a pamwamba pa chipinda chanu ankadontha pakona ya kumutu kwa bedi. Ngati sanakonzedwe, bedi lisunthidwe. Takisi mukhoza kukwera.

Sindikugona bwino. Ndi bondo.

Ine,
mwamuna wanu.

23 Juni

Kwa inu, Atelala,

Ndikupereka moni, ngakhale sindikudziwa ngati mungaulandire. Ine ndili moyo.

Za imfa ya amayi anu ndinamva kwa Mphunzitsi, pa uthenga wa pafoni wa mawu anayi: "Amayi anatisiya, taika kale." Ndamuimbira kasanu ndi kawiri, sakuyankha. Dzulo ndalandira phukusi lanu. Muli khadi, likadali m'kathumba kake, kuseri kwake kuli komatidwa monga ndinalamulira. Muli malisiti makumi awiri ndi atatu, otsatana ndi masiku, obayidwa ndi singano pakona. Ndawawerengera kawiri ndipo sipakusowa kanthu. Kasokedwe ka kathumbako n'kowongoka. Anthu amene ndinawaphunzitsa kusunga katundu kuhotela, palibe ndi mmodzi yemwe amene anafikapo pamenepa, ngakhale Mphunzitsi amene. Sindikudziwa kumene munatengera khalidwe limeneli.

Mulinso kakalata kanu. Mwalemba kuti makalata anga simunkawawerenga monga ndinawalembera. Mukuti pamene ndinalemba za wokonza mawailesi, inu munkawerenga kuti ndikuwasowa. Pamene ndinalemba za mapepala awiri, munkawerenga kuti ndikulimbana ndi a banki usana ndi usiku. Mukuti anamwalira akunena kuti bambo ako ndi ouma pakamwa pokha. Ndiyenera kukuuzani kuti kusintha mawu a munthu amene wasaina dzina lake ndi chinyengo, chimodzimodzi kugwiritsa ntchito khadi la mwini. Munawononga dzina langa pa zinthu zimene sindinagule. Ndiponso mwandilanda yankho: funso langa lomaliza silinawafike, ndipo tsopano palibe wolifunsa.

Koma poti ndine munthu wosunga zolembedwa, ndilemba ndi izi zomwe kuti kaundula akhale wathunthu.

Pa 11 Meyi ndinaitanidwa kubanki, m'chipinda cha mkati, kwa mayi wina wa magalasi. Anandionetsa zithunzi za pamakina. Anali mwamuna wa chipewa, pa makina amene ali misewu itatu kuchokera pa chipinda changa, pafupi ndi pamene ndimagula mafuta a bondo. Khadi linali langa.

"Bambo, banki siituma munthu kudzatenga khadi. Siinayambe yatero."

Ndinamufotokozera za mnyamata wa pafoni uja, ndipo ndinamuonetsa buku langa, pamene wanjinga anasaina, ndi ola lomwe. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati ndinauza munthu nambala yachinsinsi. Ndinati sindinatero, ndipo ndikhoza kulumbira.

"Nanga munakambirana chiyani mphindi makumi asanu?"

Ndinati za banja.

"Munatchulapo tsiku lililonse?"

Ndinatseka buku langa. Anavula magalasi, nati, "Pepani, bambo. Ena amawanyengerera ndi mphoto, ena amawaopseza ndi apolisi. Inu anangokufunsani chimene chikukupwetekani."

Anandipatsa fomu yotsegulira khadi la amayi anu. Anati ndisaine pomwepo, kwatsala masiku asanu ndi anayi. Ndinati ndikawerenga kaye kunyumba, pakuti sindisaina chinthu chimene sindinawerenge. Ndinaiwerenga. Ilibe cholakwika. Ili pano patebulo, pansi pa mpukutu wa makiyi akale amene anandipatsa tsiku lopuma ntchito. Ndikanasaina popanda mapepala aja, mukanafunsa chifukwa chake, ndipo ndikanayenera kukuyankhani inuyo, mwa anthu onse. M'mawa uliwonse ndinkati mawa. Masiku asanu ndi anayi ndi ochepa kuposa khumi ndi asanu.

Musayembekezere kupepesa, chifukwa sindikudziwa kalembedwe kake, ndipo sikungagule makina osokera. A banki akuti ndalama zobedwazo sabweza, poti khadi ndinapereka ndi manja anga. Ndizilipira ndekha. Wophika wasiya kulira ngati njinga yamoto. Tsopano amangondisiyira mbale pakhomo osagogoda, ndipo zimenezo zikundipweteka koposa. Foni ndimaisiya yoyaka. Ndikudziwa chimene mnyamata uja ali. Komabe ikalira ndimafulumira.

Chimene ndalembera kalatayi ndi ichi. Banki yandipatsa khadi lina, lenileni, ndipo akufuna ndisankhe nambala yatsopano. Lachitatu ndinaima pamakina mpaka anthu a pambuyo panga anayamba kung'ung'udza. Chala changa chimangopita pa manambala akale aja. Ndayesa tsiku la ukwati wathu, sindikulikumbuka bwino. La Mphunzitsi ndimasokoneza mwezi. M'mutu mwanga munali tsiku limodzi lokha, lanulo, ndipo limenelo ndinapatsa wakuba.

Choncho ndikukupemphani kuti mundilembere tsiku lenileni ndi mwezi umene amayi anu anamwalira. Palibe amene wandiuza. Musaimbe foni, mulembe. Ndikufuna manambala anayi amene sindingawaiwale.

Ine,
mwini khadi.